Wasamukira mzinda wina, galimoto yayamba kugogoda, upite kwa ndani?

Pamene ndinkasamuka ku Blantyre kubwera kuno ku Lilongwe ndinaganizira zonse, nyumba, sukulu ya ana, tchalitchi, ngakhale woti azindimeta ndinafunsiratu, koma za makaniko sizinandibwerere m'mutu olo pang'ono. Ku Blantyre ndinali ndi madala anga ku Ndirande, zaka 7 akugwira galimoto zanga, munthu woti umangowaimbira n'kuika foni pafupi ndi injini iwo n'kukuuza kuti "ndi lamba ameneyo bwana, sakuphani, mubwere Loweruka". Ukazolowera zoterozo umaiwala kuti makaniko wabwino ndi chinthu chosowa, umangoona ngati aliyense wovala ovolosi yakuda ndi oyilo ndi chimodzimodzi.

Ndiye masabata atatu nditafika ku Area 25 ka Sienta kanga kanayamba kugogoda kutsogolo, gu gu gu, makamaka ndikalowa msewu wafumbi wopita kunyumba. Ndinachita zomwe mlendo aliyense amachita, kulowa galaja yoyamba yomwe ndinaiona ili ndi chikwangwani chopentedwa bwino. Mkulu wake sanayende nayo n'komwe galimoto, anangoidinikiza pa boneti kawiri n'kuti ma shock atha, onse awiri. Ndinalipira ndalama yoti ikandikumbukira mpaka pano mtima umawawa, ndipo ndikutuluka pageti pomwepo gu gu gu uja ali pompo. Nditabwerera akuti "apatseni nthawi akhazikike". Ma shock kukhazikika ngati ndi mkamwini. Vuto lenileni linadzapezeka patapita mwezi, tinali ti link ta stabilizer, tizitsulo tiwiri tating'ono totchipa kutalitali poyerekeza ndi zomwe ndinagulitsidwa, ndipo ma shock anga akale omwe analibe mlandu uliwonse sindinawaonenso, mwina akuyenda pa Sienta ya munthu wina pano.

Kuyambira pamenepo ndayesa pafupifupi njira zonse zomwe munthu angayese, zina mwadala zina chifukwa chosowa pogwira, ndiye ndingokuuzani mmene ndinazionera.

Tiyambe ndi kwa ma dila, eni mtundu wa galimoto, monga a Toyota omwe ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kumalo ngati amenewa chinthu chomwe umagula kwenikweni ndi mtendere wamumtima. Galimoto ikalowa amailemba pa job card, mafuta ali pati, makilomita angati, chavuta n'chiyani, amakupatsa koteshoni usanavomere, lisiti imatuluka yosonyeza chilichonse, sipeya ndi ya orijino, ndipo china chikalakwika uli ndi ofesi yoti ukagogode osati munthu woti mawa wasintha nambala. Ngati galimoto yanu munaigula yatsopano komweko ndipo ikadali pa waranti, nkhani yathera pomwepo, musaipititse kwa amakaniko a pansi pa mtengo wa mango chifukwa waranti ija mungaiphe nokha. Koma tinene zoona, ambirife tikuyendera za kaunjika zochokera ku Japan, zomwe tinaitanitsa pa Be Forward n'kukazitenga ku Dar es Salaam kulowera pa Songwe, ma Vitz, ma Passo, ma Note, ma Demio, ma Fit, galimoto yoti inapangidwa ana athu asanabadwe. Kwa dila aliyense padziko pano leba imawerengedwa mwa kampani ndipo sipeya yatsopano ya orijino si yamasewera, ndiye pa galimoto yakale umatha kupeza kuti bilu ikuyandikira mtengo wa galimoto yomweyo. Komanso mitundu ina inapangidwira msika wa ku Japan kokha, sipeya yake mwina mpaka aitanitse, udikire. Ine kwa dila ndimapitako pa zinthu ziwiri, kukagula oyilo wa giya bokosi woti ndisakaike kuti ndi feki, ndi pamene vuto lakanika kwina konse.

Kenako pali magalaja apakatikati aja, okhala ndi mpanda, geti, mlonda, kaofesi ndi dzenje loyang'anira pansi pa galimoto, ambiri mumawapeza cha ku Kanengo, Area 4 ndi malo ena a mafakitale. Apa mpomwe pali golide komanso mpomwe pali misampha, chifukwa mpanda ndi penti sizikonza galimoto, galaja inandidyera masuku pamutu ija inali yamtundu womwewu. Chikomekome cha nkhuyu. Chomwe ndinaphunzira ndi kusayang'ana chikwangwani koma kuyang'ana galimoto zomwe zili mkatimo. Mukaona ma Land Cruiser ndi ma Hilux a mabungwe kapena a makampani akulowa ndi kutuluka, dziwani kuti pali wina wake ku ofesi ina amene amafunsa malisiti ndipo akanakhala akuba akanawasiya kalekale. Koma mukaona galimoto zambiri zili pa miyala, matayala aphwa, udzu wamera pansi pake, fumbi loti ana alembapo mayina pa galasi, amenewo ndi manda, ndipo galimoto iliyonse pamenepo ili ndi mwini wake amene anauzidwa kuti "mubwere Lachisanu". Zina mwa izo n'zoona eni ake anasowa ndalama, koma zikachuluka dzifunseni kuti n'chifukwa chiyani anthu ambiri chonchi anafooka. Chinanso pa magalaja amenewa, mwini wake amene mukuyankhula naye mokoma mu ofesi si amene agwire sipanala. Funsani kuti agwire ndani galimoto yanga, mumuone, mumve mmene akufunsira mafunso. Nthawi zambiri mwini galaja ndi katswiri ndithu koma tsiku lonse ali m'tauni kusaka masipeya, galimoto yanu yatsala m'manja mwa anyamata ophunzira ntchito.

Tsopano tifike pomwe ambirife timathera, kwa amakaniko a pansi pa mtengo ndi m'timashedi ta malata. Kuno ku Lilongwe ukangotchula za galimoto aliyense akuuza kuti pita ku Biwi, ndipo n'zoona kumeneko kuli chilichonse, mashopu a masipeya atsopano, ophwasula galimoto zangozi, owotcherera, amagetsi, openta, monga mmene Ndirande ilili kwa a ku Blantyre. Tsiku loyamba kupitako ndekha ndinangoti ndikhotere chonchi anyamata anayi ali kale pawindo, "biggie chavuta n'chani, bwerani kuno, imani apa", wina wayamba kale kukoka chotsegulira boneti. Apa mpofunika kudekha. Amene amakuthamangira pamsewu kawirikawiri si makaniko, ndi wokutengera kwa makaniko kapena ku shopu kuti adyepo yake, ndipo yakeyo ituluka m'thumba mwanu momwemo. Makaniko weniweni sathamangira galimoto, ali pansi pa ina miyendo yokha ikuoneka, ndipo pali anthu awiri atatu akhala pa benchi kumudikira.

Ubwino wa kumeneku ndi wosachita kufunsa, leba ndi yokambirana, ntchito imachitika uli pomwepo ukuona ndi maso, sipeya ikasowa shopu iyi mnyamata athamangira ina, ndipo pa zinthu za miyendo ya galimoto, ma bush, ma ball joint, ma tie rod, ma CV joint, mabuleki, anthu amenewa ndi akadaulo chifukwa misewu yathuyi imawapatsa ntchito yomweyo tsiku ndi tsiku. Munthu woti wamasula kutsogolo kwa Sienta kambirimbiri amadziwa bawuti iliyonse ngakhale atatsinzina. Koma kuipa kwake nakonso n'kwakukulu. Palibe pepala, ndiye zikavuta ndi mawu anu ndi mawu ake. Zipangizo n'zochepa, pomwe pafunika chida chapadera pamalowa hamala ndi tchizulo. Ndipo pali matenda ena omwe ali ponseponse m'dziko muno, oti makaniko amachita ndi mtima wabwino ndithu koma akukuphera galimoto. Galimoto ikangotentha pang'ono, "tichotse thermostat bwana, izi n'za kozizira ku Japan", chonsecho kachipangizo kaja ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha koyenera, ukakachotsa injini imachedwa kutentha, imamwa mafuta ambiri, ndipo chomwe chimatenthetsa galimoto poyamba paja, kaya ndi radiator yotsekeka kaya fani kaya pampu ya madzi, chikadali pompo. Mu radiator kuthiramo madzi a pampopi okhaokha mpaka mkati kuchita dzimbiri. Fyuzi ikapsa kumangapo waya. Kagetsi ka check engine kakayaka, ena amangokazimitsa kuseri kwa dashibodi kuti musakaonenso.

Koma chachikulu chomwe ndikufuna aliyense wa galimoto za ku Japan amve ndi nkhani ya giya bokosi. Ma Vitz ambiri, Sienta, Ractis, Note, Fit, ali ndi giya bokosi ya CVT, yomwe mkati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pa ma pulley, si otomatiki wamba ayi, ndipo imafuna oyilo wakewake. Toyota ili ndi wake wolembedwa TC kapena FE, Nissan ili ndi NS-2 ndi NS-3, Honda nayo ili ndi wake. Mnzanga wina wa ku ntchito anapititsa Note yake ku sevisi kwa makaniko yemwe anamupeza pafupi ndi nyumba, mkulu uja mwaulemu wake anati tikusinthireninso wa giya bokosi wada, n'kuthiramo ATF, oyilo wofiira wa otomatiki wamba uja. Miyezi ingapo galimoto inayamba kunjenjemera ponyamuka, kenako kulira ngati mphaka, mapeto ake anagula giya bokosi ina kwa ophwasula. Ndiye ili ndi funso langa loyesera makaniko aliyense watsopano, ndimafunsa ngati sindikudziwa kanthu, "kodi mu giya bokosi ya galimoto iyi timathiramo oyilo wanji?" Akangoti "ATF aliyense amalowa bwana" ndimathokoza, kuliza galimoto, ulendo.

Palinso amakaniko oyenda, wa chikwama cha masipanala kumsana amene umangomuimbira n'kubwera pa kabaza mpaka pakhomo. Galimoto ikakana kulira m'mawa kapena yakuthimira pa roundabout nthawi ya jamu, munthu ameneyu ndi mngelo, nambala yake isasowe mufoni. Batire, sitata, mapulagi, kusintha oyilo, ma pad a mabuleki, zonsezi amathana nazo pabwalo panu ndipo ubwino wake palibe chomwe chingasowe chifukwa galimoto sinachoke pakhomo. Koma musamulole kutsegula injini pafumbi la Lilongwe la mu Okutobala. Ndipo kumbukirani kuti munthu wopanda malo ndi wovuta kumupeza zinthu zikalakwika, foni imangoti nambala yomwe mwaimba siikupezeka. Ine ndimafuna ndidziwe kaye komwe amakhalira masana, ngakhale patakhala pansi pa mtengo, bola pakhale poti anzake amamudziwa.

Njira ina yomwe ndinaiganizira kwambiri, mwina inunso, ndi yongokakamira makaniko wakale. Miyezi yoyamba ndinkachita kusunga mavuto onse kuti ndikapita ku Blantyre kukaona abale ndikawasiyire madala anga aja. Koma Lilongwe ndi Blantyre ndi makilomita opitirira 300 pa M1, kudutsa Dedza, Ntcheu, mpaka Zalewa, ndiye taganizani kuyenda mtunda wonsewo ndi galimoto yodwala, mafuta ake mmene akudulira komanso mmene amasowera nthawi zina. Tsiku lina ndinanyamuka ndi kaphokoso ka bearing ndikuti ndikafika, pofika pa Tsangano turn off kanali katasanduka chimkokomo choti wailesi osamveka, ndinayenda mtima uli m'mwamba mpaka ku Blantyre ndipo madala aja anandikalipira ngati mwana. Iwo omwe ndi amene anandiuza kuti pezani munthu konko, ine muzingondiimbira. Ndipo apa mpomwe makaniko wakale amathandiza zedi, osati kugwira galimoto koma kukhala khutu lachiwiri. Watsopano akati chatha chakuti, ndimatuluka panja pang'ono kuimba ku Ndirande, kufotokoza mmene ikumvekera, iwo amati "mufunseni wayang'ana chakuti?" Kangapo konse funso limodzi lomwelo landipulumutsa. Ndimawatumizira kenakake pa Airtel Money kapena Mpamba, si zaulere nzeru.

Nanga poti onsewa alipo, wabwinoyo umamudziwa bwanji usanalumidwe? Apa nkhani ndi yoti ukufunsa ndani, chifukwa safunsa anadya phula koma wofunsa aliyense nayenso amadya phula lomwelo. Aneba ndi a kutchalitchi amakuuza ndi mtima wonse koma kawirikawiri amakutumiza kwa mlamu wawo kapena kwa mkulu wa mpingo, ndipo zikavuta umasowa poyambira kudandaula chifukwa Lamulungu mukhala benchi imodzi. M'magulu a pa WhatsApp ndi Facebook ukafunsa umalandira manambala khumi mu mphindi zisanu, theka ndi amakaniko eni ake akudzitchula okha kapena azibale awo, komabe dzina likatchulidwa ndi anthu atatu osadziwana ndimalilemba. Ogulitsa masipeya amawadziwa amakaniko onse, amadziwa amene amabweza katundu chifukwa anagula cholakwika ndi amene amapempha lisiti yokweza mtengo, koma nawonso ali ndi awo omwe amawabweretsera makasitomala, ndiye mverani ndi khutu limodzi.

Omwe anandithandiza ine ndi madalaivala. Poyamba a ku ofesi, anthu oti moyo wawo wonse ndi kupititsa galimoto ku galaja ndi kukazitenga, amadziwa kuti uyu amachedwa, uyu amamwa, uyu magetsi ndiye kwawo. Koma koposa onse ndi anyamata a ma Sienta a taxi. Kukhala ndi Sienta m'Malawi muno kuli ndi mavuto ake, ukangoima penapake anthu amatsegula chitseko n'kukhala kufunsa kuti m'tauni ndi zingati, koma ubwino wake ndi umenewu, pali gulu lonse la anthu omwe galimoto ngati yakoyo ndi munda wawo. Galimoto yawo ikagona ku galaja tsiku limodzi ndiye kuti kunyumba sikudyedwa ndipo bwana akufuna yake madzulo, choncho sangapirire makaniko wongoyerekeza kapena wochedwa. Ndinaima pa siteji tsiku lina masana dzuwa lili phwee, ndinagulira anyamata awiri zoziziritsa kukhosi, n'kufunsa kuti mukamva gu gu gu kutsogoloku mumapita kwa ndani. Onse awiri anatchula munthu mmodzi, wachitatu amene anangobwera kudzamvera anatchulanso yemweyo n'kuwonjeza kuti "koma za magetsi musamupatse, amakana yekha". Chenjezo lake ndi loti a taxi ena amakonda zongomangirira kuti galimoto ifike madzulo, ndiye mukafika kwa makaniko wawoyo nenani poyera kuti ine sindikufuna zogwirizira, ndikufuna chithe.

Mawu oti amakana yekha aja ndi omwe anandigwira mtima, ndipo nditamupeza munthuyo ndinaona chifukwa chake. Ndi bambo wachikulire pang'ono, kashedi kake n'kosaoneka bwino n'komwe, koma asanagwire sipanala anati tiyeni tiyende nayo. Tinalowa msewu wa mabampu iye khutu lili panja, kenako anaikweza pa jeke, kugwedeza tayala uku ndi uku, kulowetsa chitsulo pansi n'kundiitana, "akulu tabwerani muone nokha", kundigwiritsa ka link kaja kakuseweraseweratu m'manja. Anayang'ana ma shock atsopano aja n'kungopukusa mutu osanena kanthu, ulemu wa pa ntchito. Patapita miyezi iwiri kagetsi ka check engine katayaka ndinabwereranso kwa iye, anandiuza mosabisa kuti izi ndi za kompyuta ine ndingokunamizani, pitani kwa mnyamata wakuti muzikati ndakutumani ndine. Makaniko amene amati zonse ndimatha, injini, magetsi, giya bokosi, penti, firiji ya kunyumba, ameneyo ndimamuopa kuposa wakuba.

Za a kompyuta nazonso tisapusitsane. Masiku ano aliyense wagula kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero ndipo amalipiritsa pongokalumikiza. Kamakinako sikanena kuti chafa n'chiyani, kamangopereka code yosonyeza dera lomwe kuli vuto, mwachitsanzo kakatchula oxygen sensor mwina sensayo ndi yabwinobwino koma waya wake wadyedwa ndi khoswe kapena ekizozi ikutulutsa mpweya penapake. Wodziwa ntchito amatenga code ija n'kuyamba kuyeza, wosadziwa amakutumani kukagula sensa, ikakanika akutumaninso ina, kapena amangofufuta code kagetsi n'kuzima inu n'kumasangalala mpaka Lachitatu. Jambulani code yo pafoni musanachoke, ndi yanu mwalipira.

Mapepala nawo ndi abwino, munthu amene anadutsa ku Lilongwe Technical College kapena ma technical college ena pansi pa TEVETA, kapena ali ndi trade test, amakhala ndi maziko, amadziwa chifukwa chomwe chinthu chimagwirira ntchito osati kungoloweza. Koma setifiketi yopachika pakhoma sinandiuzepo ngati munthu ali woona mtima, ndipo bambo a kashedi aja sindinawafunsepo n'komwe.

Chomwe ndimachita tsopano kwa aliyense watsopano ndi kuyamba ndi kantchito kakang'ono galimoto ili bwinobwino, osadikira tsiku lomwe yafera pamsewu chifukwa tsiku limenelo ulibe mphamvu yokambirana, aliyense wobwera ndi chingwe ndi mfumu. Ndimapita kukasinthitsa oyilo ndi fyuluta basi, n'kukhala pomwepo. Ndimaona ngati akupukuta pozungulira asanatsegule, ngati mabawuti akuwaika m'kachitini kapena akungowamwaza m'dothi, ngati oyilo akumutsegula ine ndikuona, ngati akuyang'ana fyuluta ya mpweya yomwe kuno nthawi ya fumbi imatsekeka msanga. Ndimaonanso ngati ayambe kundiopseza, paja ena ukangobwera ndi sevisi amakupezera matenda asanu oti ukapanda kukonza lero sufika kunyumba. Akatchula vuto ndimati ndionetseni. Ndipo chilichonse chochotsedwa ndimatenga, ngakhale fyuluta yakuda bii ndimaiika mu jumbo, osati ndili nayo ntchito koma kuti adziwe kuti kwa ine chakale sichibwerera pa shelefu. Phunziro la ma shock lija.

Pa masipeya pali kusankha kwinanso. Ukagula wekha umadziwa mtengo weniweni ndipo palibe wokuikira pamwamba, koma ukagula cholakwika kapena feki makaniko amasamba m'manja, "munabweretsa nokha bwana". Akagula iye, udindo ndi wake koma mtengo umakwera panjira. Ine ndimapita naye limodzi ku shopu, iye asankhe ine ndilipire ndi kutenga lisiti, titatenga chakalecho m'manja ndi chassis number pafoni chifukwa Sienta ndi Sienta koma zaka zimasiyana. M'mashopu akufunsani kuti mukufuna orijino, ya ku Dubai kapena yochotsa pa galimoto ina, ndipo pa zinthu ngati sitata, alternator kapena galasi, yochotsa pa galimoto ya ku Japan nthawi zambiri imaposa yatsopano yotchipa. Koma ma pad a mabuleki, malamba ndi ma bush, zakale ayi. Ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 komanso kusowa kwa ndalama zakunja, mtengo womwe mwauzidwa lero musauyese kuti ukudikirani mwezi wamawa, ndiye makaniko akakuuzani mtengo wina kenako n'kusintha si nthawi zonse pomwe akukuberani, imbani ku shopu mumve nokha. Chomwe sindichita ndi kupereka ndalama yonse patsogolo. Ya sipeya inde, ya leba ikatha ntchito titaiyesa pamsewu.

Ikafika poti galimoto igone, chotsani zanu zonse, jambulani geji ya mafuta ndi makilomita iye akuona, mwanthabwala chabe koma aone. Batire ikani kachizindikiro, sipeya tayala, jeke ndi wilo sipanala muziwerenge. Pali nkhani inanso yomwe yafala, ya catalytic converter, kachigawo ka mu ekizozi komwe mkati mwake muli zitsulo zodula ndipo kali ndi msika wake. Ena amakuuzani kuti yatsekeka tiichotse galimoto ipume bwino, n'kugogoda zamkatizo kukagulitsa, ena sakuuzani n'komwe, mumangodabwa galimoto yayamba kulira ngati thirakitala ndi kununkha utsi. N'zoona imatha kutsekeka, koma ngati ndi choncho muone ndi maso ndipo zochotsedwazo ndi zanu. Kwa galaja yolembetsedwa, zikafika povuta pali bungwe la Competition and Fair Trading Commission lomwe limamva madandaulo a ogula, koma kumeneko mukapita ndi lisiti ndi koteshoni, osati ndi "anandiuza pakamwa".

Mayi a kunyumba anandiuza chinthu china chomwe sindinkachidziwa, akuti iwo akapita okha ndi galimoto yomweyi mtengo umakhala wina, ndipo amayankhulidwa ngati sadziwa kusiyana kwa tayala ndi chiwongolero. Tinayesa dala pa shopu ina, iwo analowa kufunsa ma pad, patapita kanthawi ndinalowa ine, mitengo iwiri yosiyana pa katundu mmodzi. Kwa bambo a kashedi aja anapita okha tsiku lina ine ndili ku Mzuzu, anawalipiritsa chimodzimodzi ngati ine ndipo anawaitananso kuti "mayi tabwerani muone nokha". Kuyambira pamenepo iwo ndi amene amakumbutsa za sevisi.

Panopa mufoni mwanga muli manambala anayi, bambo a miyendo ndi sevisi aja, mnyamata wa magetsi ndi kompyuta yemwe anandilozera, wa chikwama woti galimoto ikafera panjira, ndi madala a ku Ndirande. Alayimenti ndimakapangitsa kwa a matayala omwe ali ndi makina, osati a chingwe. Wa giya bokosi sindinamupezebe ndipo ndikupemphera ndisamufune msanga. Sabata yatha kwayambanso kaphokoso kena kumbuyo, tswii tswii ndikaponda buleki m'mawa, ndinaimba kwa bambo aja anangoti "mubwere Loweruka m'mamawa asanadzadze a taxi, mubweretse ndi kamba".